Chitini cha mapepala a atate

Chaka changa chachiwiri ku yunivesite ndinkaphunzira mbiri ya dziko lapansi ya masiku ano, ndipo ndinali nditafufuma ngati chitumbuwa chochuluka soda. M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi kuchoka kwathu ku Nangongwe, ku Kafue, kupita ku Lusaka, chibuku chili pamiyendo, chikuto chitaloza kwa oyandikana nawo kuti aone. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija ndinkazifotokoza ngati ndinamenya nawo.

Tsiku lina aphunzitsi athu anatipatsa ntchito. Tinali pa mutu wa mafakitale amene anatsekedwa m'maiko ambiri maboma atayamba kugulitsa makampani. Anati aliyense akacheze ndi munthu amene anaziona ndi maso, ajambule mawu ake pafoni, kalasi yonse idzamve. Ndinazitchula kunyumba, mongodzionetsera.

Atate anagwira ntchito zaka zambiri pa makina oluka nsalu mufakitale ina ya kuno ku Kafue mpaka inatsekedwa. Kuyambira pamenepo amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika.  Loweruka lotsatira m'mawa ndinawapeza pakhonde atameta ndevu, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Pakatebulo panali chitini chakale cha mabisiketi chimene ndinali ndisanachionepo chotsegula. Munali khadi la ntchito, zithunzi, ndi makalata opindapinda. Mpando wanga anali atandiikira kale. Ku njinga sanapite, chonsecho Loweruka ndiye tsiku lawo la makasitomala.

"Tiyambe, amama," anatero, monga amandiitanira ine mwana wawo wamkazi. "Foni yako ili na moto?"

Ndinayang'ana zikhadabo zawo zakuda ndi girizi wosachoka. Ndinaganiza za atsikana a ku Lusaka akumvetsera Chinyanja cha atate, akutsinana.

"Atate, ba lekichara afuna munthu wokamba chizungu."

Linali bodza langa ndekha. Palibe anali atanena zimenezo.

"Oho. Chabwino," anatero, n'kutseka chitini pang'onopang'ono.

Ndinapita ku Estates, dera lina la Kafue, kwa bambo ena opuma ntchito amene anandiphunzitsa ku sekondale. Anandithirira chizungu chosalala kwa ola lathunthu, za mabanki akunja ndi mitengo ya mkuwa, zonse zimene zinali kale m'buku langa. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati munthu wanzeru. Nditazimitsa foni anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Koma iwe, wabwerera chani kwa ine? Ine ninangowerenga mu nyuzi. Atate ako ndiye anazimya mashini yothera. Anzawo onse atachoka, iwo anatsala kupukuta na kuthira oilo, ati mwina tizabwerako pa Mande."

Ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndikudya ndi atate mbale imodzi, nkhani imeneyi sindinkaidziwa, chifukwa sindinafunsepo. Minibasi sindinakwere, ndinayenda wapansi dzuwa likuswa mutu.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wawo, jekete atavula, akumata chubu cha njinga ya wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya. Ndinanjuta pambali pawo.

"Atate, nikambireniko za ku fakitale."

Sanakweze mutu. Anaviika chubu m'beseni la madzi, akuchizunguliza kufunafuna pobooka.

"Ah, zija ni nkhani za ise osaphunzira, amama. Lemba za mu buku, ungafeluke mayeso."

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Koma ananena mofatsa, akundifunira zabwino, ndipo anandipempha kuti ndiwapatsire pampu.

Ntchito ija ndinakhoza bwino kwambiri ndi chizungu cha aphunzitsi opuma aja, ndipo digiri ndinatenga. Atate anaipachika pabalaza, amaonetsa mlendo aliyense. Chitini chija chili pamwamba pa wadiropu mpaka lero. Ndawapempha katatu kuti titsegule. Nthawi zonse amangoseka, n'kundifunsa ngati ndadya.