Nyimbo ya ng'ombe zathu ku Lang'ata

Ndinadzidzimuka kusanache pampando wapulasitiki, pansi pa tenti, kunyumba ya achimwene anga aakulu ku South C, mumzinda waukulu wa ku Kenya. Linali tsiku lowaika m'manda. Amayi akutchalitchi anali atachezera kuimba pabalaza, mawu atawasasa. Kuseri kwa nyumba mbaula zinali zitayaka kale, tiyi akuwira. Kunali chifunga chozizira cha mu Julayi, ndipo jekete imene ndinabwera nayo kuchokera ku Ntcheu inandichepera mphamvu.

Kutacha anthu anayamba kufika: Amalawi ogwira ntchito m'mabungwe, ana asukulu otsika maminibasi kuchokera ku Roysambu, abale a alamu anga Achikenya. Ine ankangondigwira dzanja n'kupitirira. Kenako panafika mzungu wina wamtali wa imvi, wa ku South America, atanyamula gitala. Ankagwira ntchito limodzi ndi malemu. Alamu anadzuka n'kumulirira pachifuwa, ndipo anamupatsa mpando pafupi ndi bokosi. Ine ndinali pamzere wachitatu.

Tinanyamuka masana, mvula ikuwaza. Magalimoto anayenda pang'onopang'ono mpaka kumanda a ku Lang'ata, tindege ting'onoting'ono tikudutsa m'mwamba.

Bokosi litatsika, mzungu uja anapempha kulankhula. Anati kwawo anakulira pa hatchi, kuweta ng'ombe m'zigwa zopanda malire monga atate ake ndi agogo ake, ndipo iye ndi achimwene ankatha Loweruka lililonse akukamba za ubusa. Anaimba nyimbo yakwawo. Kenako anasintha zala pa gitala n'kuyamba yathu.

Nyimbo imeneyo tinaipeka awiri, ine ndi achimwene, kudambo tili ana, yoitana ng'ombe za atate maina: Chikopa, Nyenyezi, Mkanda. Chipitireni kusekondale, achimwene sanaiimbenso ndi ine. Akabwera kumudzi ankangokamba za feteleza ndi malata. Chaka china ndinaiyambitsa, iwo n'kuseka kuti zimenezo n'zachibwana. Koma mlendo uyu ankaidziwa yonse, mpaka kaluzu kakumapeto. Anthu analira kwambiri. Ine maso anali gwa, mtima ukuwotcha.

Pochoka, mzungu uja atamva kuti ndine mng'ono wa malemu, anandikumbatira. Anandifunsa m'Chingerezi kuti Kamwendo, yomwe imaitanidwa m'ndime yomaliza, inali ng'ombe yotani.

Kamwendo ndine. Ndilo dzina limene achimwene ankandiitana nalo ndikatsalira m'mbuyo.

"Inali yaing'ono," ndinatero. "Inkachedwa kufika kukhola."

Madzulo tenti inali itapindidwa, mipando atapita nayo. Alamu anadzitsekera kuchipinda. Ndinakhala ndekha pabalaza pomwe panali bokosi. Kukhitchini mwana wawo wamkazi ankatsuka makapu akuing'ung'udza nyimbo ija, akukhotetsa mawu monga ankachitira mzungu uja. Ndinadzuka kuti ndikamuwongolere mawuwo. Ndinafika pakhomo, ndinamumvera mpaka anamaliza, ndipo ndinabwerera kukakhala pansi.