Jivi pa milomo ya aNyamanda

Ndikakumbukira aNyamanda, ndimamva fungo la chinangwa choviika, chija ankavuula kudambo kuseri kwa nyumba zathu ku Chintheche, n'kuchiyanika pathandala ntchentche zikuzungulira, iwo akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza. Sanali achibale athu. Tinkangobwerekana mtondo ndi moto.

Bambo anamwalira mavoti a matipate atangodutsa, ndipo posakhalitsa amayi nawonso anayamba kudwala. M'kamwa mwawo munatuluka zoyera ngati chambiko, lilime lonse mpaka kummero, moti ngakhale phala lozizira linkawaotcha. Ine ndinali ndisanathe msinkhu. Ndinkaphika, n'kubweza mbale kukhitchini ili yodzaza.

ANyamanda ankabwera m'mawa asanapite kumunda. Ankafunditsa madzi, kuthiramo mchere ndi kasoda kaja kophikira therere, n'kukulunga kansalu kowiritsa kuchala. Amayi ankatsamira pamwendo pawo, iwo n'kumapukuta pang'onopang'ono, uku akuwauza za ukwati wa mwana wa uje ndi za bwato la amuna awo limene linkangolowa madzi. Masiku amenewo anthu ena kapu ya amayi sankaikhudza n'komwe. Mcherewo unkathandiza pang'ono, koma zoyerazo zinkabwereranso. Tsiku lina aNyamanda anapita kuchipatala n'kubwerako ndi kabotolo ka jivi, mankhwala aja osiya pakamwa ngati munthu wadya jambula.

Amayi anakana. M'mbali mwa nyanja monse anthu ankadziwa chimene milomo yotere inkatanthauza pa munthu wamkulu, makamaka wamasiye: matenda aja osachiritsika. Anati bola njala iwamalize m'nyumba kusiyana n'kuti azimayi anzawo azitsinana akawaona. ANyamanda sanawanyengerere. Anatsegula botololo, kuviika kansalu, n'kudzipaka okha, milomo ndi lilime lomwe.

"Ama, mukutani?" amayi anafunsa.

"Ndikupita kumsika kukagula usipa. Ayambe aona ine, maso awo atope."

Anapitadi, dengu pamutu, akupereka moni kwa aliyense kuti pakamwa paoneke bwino. Anthu analankhula. Ena amene ankagula ufa wawo wa kondowole anayamba kuwalambalala, ndipo amuna awo anakalipa mpaka ife tinamva kwathu. Iwo anangoyankha kuti pakamwa ndi pawo, bwato ndiye la amuna awowo, akalimate.

Atabwera m'mawa mwake, milomo ikadali bii, amayi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayasama kuti awapake. Sabata isanathe ndinawaona akutema kondowole, kusunsa mumsuzi wa usipa, n'kumeza osatsinzina. Ndinatuluka panja kuti asandione ndikulira. Matendawo sanachoke, koma amayi anakhala nafe akudya, mpaka ndinatha msinkhu iwo ali pompo kundilangiza.

Chaka chatha ndinaika amuna anga m'manda. M'miyezi yawo yomaliza zoyera zija zinawatuluka nawonso. Ndinafunditsa madzi amchere monga ndinaonera ndili mwana, ndipo kuchipatala anatipatsa mankhwala odontheza, abwino, osasiya mtundu pamilomo. Ndinkawapukuta ndekha chitseko chili chotseka, khutu lili kunja, ngati wina angaodire pakhomo. ANyamanda anapita kalekale. Palibe amene anadziwa, ndipo palibe amene anabwera.