Diso Lotsala la Amayi Bibiana

Inu amene mudalepherapo mayeso n'kumayenda chozolika ngati mwaba nkhuku, imvani za Ivânia wa ku Malowera.

Chaka chimene adalephera kachiwiri mayeso ku sekondale ya ku Fíngoè n'chomwenso amayi ake, a Bibiana, adafa diso. Tsamba la chimanga lidawacheka m'diso lakumanzere akupalira. Kabala kake kadali kochepa, koma mudalowa chuku, cha mtundu uja umamera pa chimanga chonyowa. Adadonthezera mankhwala mpaka botolo kutha, chuku osamva. Pomwe mvula idalola kuti galimoto idutse, diso lidali litayera kale.

Ivânia adalira, kenako adakalowa ganyu yotsuka mchenga kwa okumba golide. Kumeneko adaphunzira lamulo limodzi: wapeza msempha wa golide sauza munthu, ngakhale mlamu wake. Thumba lili tho, koma ukamufunsa amati lero kulibe.

Mabuku sadawataye. Ankawerenga pa nthawi yopuma, zala zili matope okhaokha. Kachitatu adakhoza, ndipo adapeza mwayi wokaphunzira ntchito ya mu labotale ku Beira.

Adasankha chuku, mdani wa amayi ake. Kwa zaka zambiri ankatenga mafinya a m'maso mwa alimi, kumeretsa chukucho m'timbale, n'kuyesa kuti ndi mankhwala ati amene akuchipha, ndi ati amene chikuwaseka. Zotsatira zidachuluka. Koma lamulo la kumigodi lidali lisadamuchoke. Adazitsekera mu kompyuta yake, kudikira tsiku lodzalemba lipoti lalikulu la dzina lake yekha.

Atapita kumudzi kukacheza, adapeza amayi ake akugawa mbewu ya chimanga m'timatumba, ka uyu, ka uje.

"Mai, mbewu yabwino chonchi mukuimwaza bwanji?"

"Iwe udali usadabadwe pomwe tidabwerera kuno kuchokera ku Zambia manja lende," adatero a Bibiana. "Tidadzala ya eni. Mbewu sasunga nyumba imodzi, mwanawe. Chaka chimene anankafumbwe akudyera yako, umakatapa kwa amene udawapatsa. Nanga zako za m'makinazo wagawirako yani?"

Atabwerera ku Beira, Ivânia adatsimikiza zogawa zotsatira zake.

Musaganize kuti kugawa kudali kungotsekula chitseko. Zotsatira zija adazilemba mwa njira imene ankaimva yekha. Zidamutengera miyezi kuti azikonze. Adachotsa mayina a odwala. Chuku chilichonse adachitchula monga amachitchulira ofufuza kulikonse, n'kulemba dera, mankhwala ndi kayesedwe kake, m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi. Atatero adaziika pa intaneti, pamalo poti aliyense atenge, agwiritse ntchito, awonjezerepo zake.

Sipadapite nthawi, chimene ankaopa chidachitika. Dokotala wina wa ku Nampula, dzina lake Olga, adatenga zotsatirazo, adaphatikiza ndi zake, n'kutulutsa lipoti iye asadayambe n'komwe lake. Dzina la Ivânia lidalimo, koma lotchuka lidali la Olga. Zidamuwawa, tisaname. Akadamva anzake a kumigodi, bwenzi atamuseka mpaka kugwa. Komabe sadatseke chitseko, adapitiriza kuika zatsopano.

Ndiye dzinja lathali, tsamba lina lidacheka diso lakumanja la a Bibiana, lokhalo lotsala. Adawakweza pa njinga yamoto mpaka ku Fíngoè, kuchoka apo ulendo wa ku Beira. Mankhwala oyamba adakanika. Achiwiri chimodzimodzi. Diso lidayamba kuyera, ndipo mayi amene adalera ana ndi diso limodzi adayamba kupapasa khoma pofuna khomo.

Ivânia adameretsa chuku cha m'diso la amayi ake, adachiyesa, n'kuika zotsatira pamalo paja pa intaneti.

Mawa lake foni idalira. Adali Olga.

"Mana Ivânia, mchemwali wanga, chuku chimenechi ndachiona mwa odwala anga kuno. Mankhwala awiriwo sichimva. Alipo ena amene chimagonja nawo. Zotsatira zanga zili pomwepo, pansi pa zanu. Aonetseni madokotala lero lomwe."

Madokotala adaziwerenga msanga, chifukwa zidalembedwa m'njira yomweyo imene Ivânia adakonza. Adasintha mankhwala. Chilonda chidaima, kenako chidayamba kuuma.

Tsiku lomatula nsalu, a Bibiana adaphethira, adamuyang'anitsitsa mwana wawo.

"Waonda iwe. Kuno ku Beira sakudyetsa?" Kenako adafunsa, "Wandithandiza ndi yani?"

"Ndi uja adatapa mbewu yanga, mai."

"Basi wabweza," adatero, n'kupempha madzi akumwa.

Inu amene mwagwa kawiri, dzukani kachitatu. Ndipo mukadzapeza chimene mudachivutikira, musadzachikwirire ngati golide. Gawani, pakuti simudziwa khomo limene mudzagogode tsiku limene yanu yafumbwa. Osataya mtima, ndiponso osaumira.