Tilaweko

Ndimakumbukira kulira kwa musi: du, du, du, agogo akusinja mtedza wokazinga kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Makolo anga anali atamwalira kale, ndiye anandilera ndi agogowo. Tsiku limenelo ankandikonzera kamba, chifukwa mawa lake ife a Sitandade 7 tinkapita kukakwera phiri la Zomba.

Mtedzawo anausakaniza ndi ufa wa mpunga, nthochi zakupsa kwambiri ndi kamchere. Anaphika mumphika, makala pansi, makala ena pachivundikiro. Chakudyacho chitazizira anachidula m'zidutswa zazitali ngati sopo wochapira, n'kukulunga m'masamba a nthochi. Anati chimenechi chimagwira m'mimba, munthu atha kupirikitsa mbalame kumunda wa mpunga tsiku lonse osamva njala.

Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Anzanga anatulutsa mabanzi ndi zakumwa za m'sitolo. Ine ndinakhala pamwala pandekha n'kumasula masamba anga. Fungo la mtedza linakoka aphunzitsi athu a masamu.

"Tilaweko, mwana wa agogo."

Kwathu akuluakulu akati tilaweko, suwabenthulira. Umapereka chonse ndi manja awiri, iwo amabenthula pang'ono n'kukubwezera. Ndi mmene anandilerera, ndipo ndinatero.

Anatenga phukusi lonse. Analuma, anagwedeza mutu, n'kuitana aphunzitsi anzawo awiri. Ine ndinaima pomwepo kudikira kuti andibwezere. Ndinkawamva akuseka kuti azimayi a kunyanja amadziwa kuphika, kuti zoterezi alendo okwera mapiri amagula m'tauni zili m'mapepala onyezimira. Palibe amene anandiyang'ana. Chidutswa chomaliza anachigawana ine ndikuona.

Mpaka lero zimandiwawa. Munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, wobadwira kumudzi ngati ife, mwambowo ankaudziwa bwino lomwe. Ankadziwanso kuti mwana ngati ine sangatsegule pakamwa, ndiponso kuti kwathu kulibe bambo woti angabwere kusukulu kudzafunsa.

Nthawi yotsika itakwana, ine ndisanadye kanthu, aphunzitsi a masamu aja anabwera kumene ndinali akupukuta milomo. Ndinaganiza kuti mwina andipezera banzi. Anavula jekete.

"Kwatentha. Tandinyamulira iyi, usaigwetse."

Anandiikira m'manja, n'kuuyamba wotsika phiri.