Velo Imene Amayi Sanasoke

Amalume anga anabwerera ku Mzuzu chaka chimene ndinayamba uphunzitsi, yunivesite itangoyamba kudzaza tauni ndi achinyamata ofuna zipinda za lendi, anthu akulimbirana mapuloti a ku Nkhorongo. Anabwera ndi mimba, magalasi a mafelemu agolide, ndi khalidwe limene ndinadana nalo tsiku loyamba lomwe. Munthu akawapatsa moni, dzanja lawo lamanja linkalandira moniwo, lamanzere lili pa kolala ya malaya ake, kufikisa nsalu ndi zala ziwiri. Anawafikisa abusa athu pakhomo la tchalitchi. Anafikisa mkulu wina pamaliro a mkazi wake, n'kumuuza kuti jekete lakelo ndi la pulasitiki.

Mbiri ya ntchito yawo tonse tinkaidziwa pamtima, ngakhale panalibe amene anaifunsapo. Anayamba ndi kusesa zidutswa pansi pa matebulo odulirapo nsalu mufakitale ina ya zovala ku Blantyre. Anakhala wodula, kenako kapitawo wa osoka, kenako woyang'anira fakitale yonse. Kaunjika atagwetsa mafakitale a kuno, iwo sanagwe nawo. Anapita ku Lesotho, kuchoka uko ku Mauritius, mpaka anadzakhala bwana amene ankagamula kumene kampani igule nsalu, mazipi ndi mabatani, ndiponso fakitale iti ya ku China kaya ku Bangladesh isoke chiyani. Nkhaniyi ankaiyamba ukangowathirira tiyi, ndipo tiyi ankazizira nkhani isanafike ku Mauritius.

Sindiwanamizira, ntchito ankaidziwa. Ankatha kukuuza ndi zala zokha ngati nsalu idzachucha utoto kapena kufupika ikachapidwa. Wogulitsa ulusi akamanama ankamugwira asanatseke pakamwa. Ankanena monyada kuti pa zaka zonse zimene anagwira ntchito, sitima sinanyamukepo n'kusiya katundu wawo padoko, ndipo ndimawakhulupirira. Chimene sankanena n'chakuti sitimazo zikamanyamuka, mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anali kwathu ku Chibavi, akugona nane bedi limodzi ndi kundilanda bulangeti. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo amene anamulera ndi amayi anga, mlongo wawo wamkulu wa amalumewo.

Tauni inawagwadira. Masiku amenewo aliyense amene anakwerapo ndege ankapatsidwa mpando wakutsogolo. Anawaitana kukalankhula kwa ophunzira a kuyunivesite, kumene anawauza kuti Amalawife sitidzatukuka chifukwa timapatsana ntchito pachibale, ndipo anawaombera m'manja. Ankalonjezanso fakitale imene idzalembe ntchito Chibavi yense. Pamalo a fakitaleyo mpaka lero alonda amalimapo chimanga.

Amayi anali telala wa pakhonde. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakati pa chitseko ndi zenera, pamene mvula ya ku Mzuzu yosatopa ija sinkafika. Ankasoka mayunifomu a sukulu, kuchepetsa mathalauza a pakaunjika, ndipo yunivesite itabwera anayamba kusokera atsikana madiresi a tsiku lolandira madigiri. Koma dzina lawo linali pa velo. Pabanja pathu panalibe mtsikana amene analowa m'tchalitchi atavala velo yosoka munthu wina, ndipo akwati ambiri a mumpingo mwathu anadutsa pakhonde pomwepo. Msuweni wanga uja amayi ankamuuza kuyambira ali kupulayimale, uku akumuluka tsitsi, kuti, "Yako ndidzasoka ndekha, ngakhale ndidzakhale ndikuyendera ndodo." Ndiye atapeza mwamuna, palibe amene anafunsa kuti velo asoka ndani.

Komiti ya ukwati inkakumana kunyumba yatsopano ya amalume ku Nkhorongo, kumene tinkavula nsapato pakhomo kuopa kudetsa matailosi, n'kukhala m'mipando yachikopa mapazi akuuma ndi kuzizira. Wapampando anali iwo omwe, chifukwa panalibe wina amene akanalimba mtima. Titamaliza za holo ndi za mpunga, anafika pa zovala. Anatembenukira kwa amayi.

"Za velo ndi madiresi a operekeza," anatero, "adumbu, mutibweretsere sampulo."

Tinaseka tonse, poganiza kuti munthu akungoseleula mlongo wake. Iwo sanaseke. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi ana a sitandade wani, kuti sampulo ndi chovala chimodzi chimene wosoka amayamba wasoka kuti wogula aone dzanja lake asanamupatse ntchito yonse. Anati apemphanso ina kwa telala wina wa ku Lilongwe, ina kwa mnzawo wa fakitale kunja, chifukwa iwo sanadalirepo wosoka mmodzi chibadwire.

"Asibweni," ndinawaitana mwa kwathu, "amama ndiwo anakusokerani malaya amene munakafunsira ntchito ku Blantyre. Sampulo imeneyo ndi yosakwana?"

"Imeneyo ndi history, mwanawe. Ine pa ntchito sindikhulupirira munthu, ndimakhulupirira msoko."

Ndinayang'ana amayi ndikuyembekeza kuti aimirira n'kutenga chikwama chawo. Ayi ndithu, ankamwetulira. Kwa iwo unali mwayi woti mlongo wawo wodziwa za kunja aone zimene manja awo amachita. "Enya, ndibweretsa," anatero. "Palije suzgo, palibe vuto."

Diresi limodzi la operekeza linawatengera nthawi imene akanasoka mayunifomu a kalasi yonse. Nsalu anakasankha okha kumsika wa Ataifa. Ankasoka, kumasula, kusokanso. Anakwera njinga ya kabaza, imene kuno timati sakaramento, mumvula kupita kutauni kwa mnzawo amene anali ndi makina a ovaloko omangira m'mphepete mwa nsalu, diresi atalikulunga m'pulasitiki n'kulibisa m'juzi. Makasitomala ena anawabweza kuti abwere mwezi wamawa. Atamaliza analisita n'kulipachika pachitseko, ndipo azimayi opita kukatunga madzi ankaima kuliyamikira. Linali lokongola, zimenezo ndimanenabe.

Loweruka m'mawa tinapita nalo ku Nkhorongo. Amalume analiyala patebulo lodyera n'kulitembenuza, mkati kukhala kunja, asanalione n'komwe kumaso kwake. Anatulutsa tepi. Kenako anatulutsa kabokosi ka timapepala tofiira tomata, tokhala ngati mivi, timene kumafakitale amamata pamalo polakwika. Munthu anaoloka nato nyanja timapepala timeneti, anadutsa nato pakasitomu, kuti adzamate pa diresi la mlongo wake.

Anamata m'khwapa. Anamata pa zipi. Anakoka msoko wam'mbali ndi manja awiri mpaka ulusi unaonekera, n'kumata pamenepo. Ankalankhula osakweza mutu, kuti msoko uwu ukukhota, mkono uwu watalika kuposa unzake, mpendero ukukwera ndi kutsika. Amayi anaima pambali manja ali kumbuyo ngati mwana woitanidwa kuofesi ya ahedi, ndipo palibe amene anawapatsa mpando. Pomaliza diresi linkaoneka ngati lagwidwa chikuku.

"Maso, adumbu," anatero akuvula magalasi awo. "Maso anu apita. Kufakitale izi timati reject."

Choipa kwambiri n'chakuti sankanama. Msoko unkakhotadi pang'ono, ukatembenuza diresi, n'kuliyala pafupi ndi zenera, n'kutenga tepi. Koma ndani paukwati amatukula mkono wa woperekeza kuti aone m'khwapa? Ndinawafunsa zimenezo, ndinawafunsanso zina zambiri zimene mwana safunsa amalume ake. Ndinawafunsa ngati anapempha sampulo tsiku limene anadzasiya mwana wodwala malungo pakhonde pathu ndi kathumba ka zovala.

"Nothing personal," anatero. "Paukwati wa mwana wanga pabwera anthu ochokera kunja, anthu odziwa zovala. Ndikalekerera izi, dzina langa lipita kuti?"

Msuweni wanga, mwini ukwati, anali pakhomo la khitchini akumva zonse. Amayi anayang'ana iye, osati amalume. Mtsikanayo akanangonena mawu amodzi, nkhani ikanathera pomwepo. Iye anayang'ana matailosi n'kunena chapansipansi kwa azakhali akewo kuti, "Ankhazi, adadi amadziwa bwino zinthu izi." Pambuyo pake ndinamva kuti amalume anali atamuonetsa kale chithunzi cha velo ya kunja, ndipo mtima unali utapita. Ndinamukwiyira, koma osati mmene ndinakwiyira bambo ake. Iye anangofooka, pamene iwo anachita kukonzekera, mpaka kugula timapepala.

Amayi anapinda diresi lawo ndi timivi take tomwe, osachotsapo n'kamodzi komwe. "Yewo chomene," anatero, ndipo tinavala nsapato zathu pakhomo.

Tinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, kudutsa milu ya njerwa ndi nyumba zopanda madenga za anthu ena obwerera kumudzi ndi ndalama. Njira yonse ndinkalavula moto.

"Usawanyoze asibweni ako," anatero amayi. "Kumene achokera n'kutali."

"Achokera pakhonde panu, amama."

"Enya. Ndiye ukufuna abwerere pomwepo?"

Milungu yotsatira ndinapemphera mapemphero osayenera mkhristu. Ndinkafuna katundu akanirire pamalire, madiresi afike othina, velo ifike yachikasu. Koma ndanena kale, munthuyu ntchito ankaidziwa. Sampulo ya mnzawo wa fakitale ndiyo inapambana, makatoni anafika nthawi ikadalipo, diresi lililonse m'pulasitiki yakeyake, ndipo operekeza atayesa panalibe pofunika kuchepetsa ngakhale pamodzi. Amalume ankayenda pakati pa atsikanawo manja ali m'matumba ngati asoka okha.

Pofuna kuonetsa kuti nawonso ali ndi mtima, anawapezera amayi kantchito. Zovala zinatuluka m'makatoni zitakwinyika, ndiye panafunika wosita. Ndinawauza amayi kuti akane. Anandiyankha kuti velo sasita munthu wamba, angaiwotche, ndipo anapita. Nditakawatenga madzulo ndinawapeza atakhala ndi mpendero wa velo pamiyendo, akuyendetsa chala pamsoko, nkhope atayiyandikiza pafupi kwambiri ndi nsalu.

"Taona kuwongoka kwake," anatero. Ine ndinakana kuyang'ana.

Ukwati unakongola, ndipo zimenezo zinandiwawa. Kuholo amalume analankhula nthawi yaitali kuposa ulaliki. Anathokoza mnzawo wa fakitale, anathokoza a ndege amene ananyamula makatoni, anatchula dzina la nsalu ya velo m'Chingerezi kawirikawiri kuti tisaiwale. Anthu odziwa zovala aja anali azibambo awiri amene sanachoke pafupi ndi zakumwa.

Nthawi ya chakudya, azimayi a mumpingo mwathu a ku Chibavi anazungulira amayi. Iwo sankadziwa kanthu. Kwa iwo velo ya pabanja pathu inali ndi wosoka mmodzi yekha.

"Amama, mwasoka makora chomene!" anatero mayi wina. Mwana wake nayenso anali pafupi kukwatiwa, ndipo nsalu ya velo yake inali kale kwathu. "Iyi yaposa zonse. Manja anu sakalamba."

Ndinawagwira amayi pamkono kuti angoti yewo basi. Sizikanapweteka munthu. Koma anaika supuni pansi.

"Yayi, sindinasoke ine," anatero mokweza kuti onse amve. "Sampulo yanga inalephera. Adumbu anaiyesa ndi tepi, anapeza kuti maso anga atha. Munthu uja pa ntchito saona nkhope, ngakhale ya mlongo wake. N'chifukwa chake kunja ankamulimbirana."

Ankanena monyada, mutu uli m'mwamba. Azimayi aja anangoseka, ndipo mmodzi anayamba kuyamikira nkhuku. Amalume ankadutsa ndi mbale yodzaza. Anamva zonse, anagwedeza mutu kuvomereza, n'kupitiriza ulendo wawo. Ndaona anthu odzimva m'tauni muno, ena ndimagwira nawo ntchito, koma sindinanyansidwepo ndi munthu ngati mmene ndinanyansidwira ndi kugwedeza mutu kumeneko.

Lolemba ndikuchokera kusukulu ndinapeza mayi uja atakhala pabenchi ya pakhonde pathu. Anayamba ndi za mvula, anapita ku za matope a mumsewu, kenako anati mwana wake wasintha maganizo, akufuna aone kaye masitayilo ena, ndiye mwina angotenga nsalu ija. Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka nayo, ili ndi mizere ya choko imene anali atajambula kale. Anaifufuta ndi kansalu, anapinda nsaluyo bwinobwino, n'kumuuza za telala wina wa kutauni amene ali ndi dzanja labwino. Anamuperekeza mpaka pamsewu.

Atabwerera anakhala pampando wa makina osapalasa. Ndinkadikira kuti alire, kapena atukwane kamodzi kokha pamoyo wawo, ndipo ndinali wokonzeka kuwathandiza. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Koma velo ija ndinaisita bwino, eti? Sindinawachititse manyazi adumbu pamaso pa alendo awo?"