Mutu Wotsiriza Sanauwerenge

Aphunzitsi opuma a ku Kasina amawerenga buku lililonse cholembera chofiira chili m'manja, ngati akuchonga mayeso. Amakonda nkhani za apolisi ofufuza milandu, ndipo akamaliza amapereka malikisi pachikuto.

M'nyengo yozizira yapitayi, mwana wawo anawatumizira buku latsopano kuchokera ku Lilongwe. Anakhala nalo pakhonde masiku atatu.

"Wolembayu amatha, sungaliike pansi bukuli," anauza mnzawo wa nyumba yoyandikana. "Koma wapolisi wakeyu ndi waulesi. Chilichonse akufunsa foni! Mayi wotola nkhuni ku Chongoni akanangoona mapazi panjira, basi mlandu watha."

"Nanga wakuphayo ndani?" anafunsa mnzawoyo.

Aphunzitsi anasisita tsamba limene anapinda. Mutu wotsiriza anali asanauwerenge. Kale ankawerenga mokweza, malemu akazi awo akusenda kachewere pambali. Akafika pa mutu wotsiriza, mayiwo ankalemba pakapepala dzina la amene akumuganizira, n'kukabisa m'bukumo kuti aone ngati alondola. Kawirikawiri sankaphonya.

"Dzulo ndinalikutumula bukuli kawiri konse," anatero aphunzitsi motsitsa mawu. "Koma kapepala sikanagwe."