Mfumukazi inapirira, akuti nanenso ndipirire

Lachiwiri ndinali chogwada, mapini ali kukamwa, ndikupinda diresi la mwana wa madamu kuno ku Al Messila, m'dziko la Aluya kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Kusukulu anawauza kuti aliyense avale ngati munthu wotchuka wakale, iye n'kusankha mfumukazi ina ya ku Ulaya. Chisoti chaufumu tinadula pa katoni.

Ine ndikusoka, iye akuloweza zokanena. Akuti mfumukaziyo anaiwolotsa nyanja ikadali kamtsikana, kukakwatiwa ndi mfumu imene inangoiona pachithunzi. Itafika anaipatsa mayi woti aziipesa tsitsi m'mawa uliwonse. Mayiyo anali chibwenzi cha mfumu, ndipo nyumba yonse inkadziwa.

"Ndiye iyo inatani?" ndinafunsa.

"Inapirira mpaka kumwalira. Aphunzitsi akuti n'chifukwa chake imalemekezedwa."

Ndinaseka, mapini onse pansi. Kani alangizi akwathu anafikanso ku Ulaya?

Lachisanu, pa ofu, kuseka kunatha. Ndili kwa mnzanga ku Al Mansoura ndinaimbira amuna anga foni ya vidiyo kuti ndione mwana wathu Tadala. Kumbuyo kwawo kunadutsa mzimayi atavala chitenje changa cha pachinkhoswe, chimene ndinasiya pansi penipeni pa sutikesi.

"Ameneyo ndani, bambo a Tadala?"

"Amangothandiza kusambitsa mwana. Halo? Netiweki ikuvuta."

Netiweki yakwathu ndi yanzeru, imadziwa pothawira.

Ndinaimbira apongozi. "Mwananga, banja ndi kupirira. Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda."

Amayi anzanga, kupirira ndimakudziwa. Madamu akamati "yalla, yalla", kutanthauza kuti fulumira, ndimakolopanso pamene ndakolopa kale, osayankha. Mwana ndinamusiya akukwawa, lero akuyankhula, ndipo zonsezo ndazionera pafoni. Koma mfumukazi ija inkapirira itakhala pampando wa golide, ena akuiphikira. Ife atipatse kupirira komweko, tili ndi mopu m'manja?

Ndipo inapindulanji? Lero ana asukulu akuiyerekeza ndi katoni pamutu.

Sindinakuwe. Ndinaimbira amayi anga, ndipo mawa akwera minibasi kukatenga Tadala, asanayambe kutchula munthu wina kuti amama. Chitenjecho mzimayiyo asunge. Akadzayamba kulira, chimapukuta bwino.

Koma inu alangizi, amene mumatigwaditsa pamphasa tsiku lonse, tandiuzani: mfumu ija, ndani anaikhazikapo pansi n'kuiuza kuti ipirire ndi mkazi mmodzi?